Mwana Amene Ndinamuphunzitsa Kufunsa

1

Ine ndine mphunzitsi, ndipo matenda a aphunzitsife mumawadziwa: timayesa kuti mutu wokhala ndi nzeru ndi wathu wokha, ena onse anangosenza maungu. Dzina langa ndine Hazel, kwathu ndi ku Ntcheu. Zimene ndikuuzenizi zinandionekera ku Thyolo, pa esiteti ina ya tiyi imene dzina lake ndilisunga, poti anthu osalakwa akudyabe pomwepo.

Amuna anga, a Vitu Chavula a ku Rumphi, anali manijala wa minda pa esitetipo. Anayamba ali kalaliki wapasikelo, woyeza tiyi amene anthu atchola, n'kumakwera pang'onopang'ono mpaka amuna akuluakulu kumawavulira zipewa m'njira. Ukwati wathu unali utatsala pang'ono kukwanitsa zaka makumi awiri, koma zambiri mwa zakazo tinakhala motalikirana, ine ndikuphunzitsa kwathu, iwo ali ku tiyi, kumaonana pa holide. Ndikangotchula zopempha transifa ankandizemba, ati sukulu za kuno n'zamavuto, ati chiperoni chikakudwalitsani chifuwa. Nditatopa ndinakapempha osawauza. Tsiku limene ndinawauza kuti zatheka anandiyamikira ndi pakamwa pokha, nkhope ili ngati ya munthu amene walandira uthenga wa maliro.

Mwana tinalibe. Ndinayenda m'zipatala mpaka manyazi anandithera, madokotala osapeza chogwirika. Ndikawapempha abambowo kuti nawonso akayezetse, ankangoti mwana amapereka ndi Mulungu, tisamukakamize. Ine mumtima ndinkati mwina vuto lili kwa iwo ndipo akuchita mantha kumva, choncho ndinkawamvera chisoni n'kumawabisira. Apongozi anga a ku Rumphi akaimba foni n'kufunsa ngati ng'ombe zawo zinapita kukagula mtsuko wobooka, ndinkangopirira. Ndinkadzitonthoza kuti mwamuna wanga sananditonzepo ngakhale tsiku limodzi.

Ndiye mundimvetse. Ena ali ndi ana, ena ali ndi minda. Ine chimene ndinali nacho chinali banja langalo, ndipo ndinkalilondera ngati nkhuku yofungatira dzira limodzi.

2

Sukulu imene ananditumiza inali yoyendera, ili kuseri kwa malayini, kuja kumakhala antchito a pa esiteti m'tinyumba tondondozana. Sabata yoyamba ndinafunsa ana a Fomu 3 kuti akufuna kudzakhala ndani. Anangoyang'anana. Mnyamata wina anati adzatchola tiyi, nanga n'kutani, agogo ake anatchola, amayi ake akutchola. Wina anati sukulu sangathe chifukwa azakhali ake anamutseka mutu. Kalasi yonse inavomereza ngati wanena za m'Baibulo.

Zinandiyabwa. Ndinakapempha kwa ahedi kuti ndiyambitse kalabu ya Lachitatu masana, n'kuitcha Tiganize. Chiphunzitso changa chinali cha mafunso atatu basi. Ukufuna chiyani kwenikweni? Udzera njira iti, kuyambira pomwe waimapo? Ndipo chimene ukukhulupiriracho, umboni wake uli kuti? Funso lachitatuli ndinkalikonda kuposa ndiwo. Mwana akati kwawo kuli mfiti, ndinkati umboni. Akati mtsikana sangakhoze masamu, ndinkati umboni. Mpaka ana anandipatsa dzina loti Madamu Umboni, ndipo ine kumva kukoma.

Sindinama, zinathandiza. Uja wotsekedwa mutu zinadziwika kuti sankaona pa bolodi, anangofunika magalasi. Atsikana awiri anakana maukwati amene anali atawakonzera kale. Ndinayamba kuyenda ngati ndagula sukulu yonse. Paja amati mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi.

M'kalabumo munali mtsikana wina, Lestina Muhiwa, mwana wa mayi wotchola tiyi. Anali wowonda, wosaseka kawirikawiri, womvetsera ndi maso. Tsiku limene aliyense ankanena cholinga chake, ena uphunzitsi, ena usilikali, iye anati chake ali nacho koma sanena. Anzake anamukuwiza. Iye anandifunsa mofatsa ngati cholinga chosanena pagulu chimasiya kukhala cholinga. Ndinati ayi, bola ukuchidziwa iwe mwini ndipo ukudziwa poyambira.

"Poyambira ndapadziwa, madamu," anatero, akundiyang'ana m'maso.

Ndinasangalala ine wopusa, ndinati apa ndapeza mwana wanzeru.

3

Atalowa Fomu 4, Lestina anandidandaulira kuti kumalayini n'kovuta kuwerenga, phokoso silitha ndipo nyali ndi ya foni. Ndinamuuza kuti Loweruka azibwera kwathu. Ndinamuitana ndekha, ndi pakamwa pangapa, palibe amene anandikakamiza.

Nyumba ya manijala ili pamtunda, yozunguliridwa ndi tiyi mbali zonse, kumbuyo kuli mitengo ya bulugama. Loweruka loyamba mtsikanayo anafika kukali m'mawa, nsapato zili m'manja kuopa matope. A Chavula anali pakhonde akumwa tiyi. Amuna anga ndi munthu wa nthabwala, mlendo aliyense amamuseketsa asanakhale n'komwe. Koma nditati uyu ndi Lestina, mwana wanga wa ku kalabu, iwo anangogwedeza mutu, n'kudzuka kuti akaone nazale ya mbande za tiyi. Tiyi anamusiya akufuka.

Zinakhala choncho Loweruka lililonse. Mwana akafika, bambo atuluke. Tsiku lina mvula inawatsekera m'nyumba, tinadya limodzi. Lestina sanadye kwenikweni. Maso ake anali pa manja a amuna anga, kuwatsata kuchokera m'mbale mpaka kukamwa, mpaka abambowo anaika manjawo pansi pa tebulo n'kunena kuti akhuta.

Ndiye panali mafunso ake. Tikamasenda mbatata kukhitchini ankandifunsa kuti ine ndi abwana tinakwatirana liti. Abwana anayambira divishoni iti ya esitetiyi, nanga kumtunda anasamukira chaka chanji? Nthawi imene ndinali ku Ntcheu ankawaphikira ndani? Ndinkayankha zonse, ndikuti mwana wosauka akusirira banja labwino. Ndinafika pomukonda, ndinene zoona. Ndinamusokera yunifomu yatsopano, ndipo nthawi zina ndikamuona atawerama pa mabuku patebulo langa, mtima unkandinamiza kuti nyumba yanga ili ndi mwana.

Amene ananditsegula m'maso, kapena nditi amene ananditseka m'maso, anali Dora, mphunzitsi mnzanga. Anandikokera kuseri kwa ofesi n'kundiuza kuti ndisamale ndi kamtsikana kanga kaja. Anthu akhala akukaona pamphambano ya ku fakitale kakudikira galimoto ya abwana, ndipo si kamodzi. Anati azimayi a kumalayini akamva dzina la mwanayo pamodzi ndi la a Chavula amangoyang'anana n'kukhala chete.

"Iwe ukuphunzitsa ana kuika zolinga," anatero Dora. "Unayamba wafunsa kuti cholinga cha ameneyu ndi ndani?"

4

Kuyambira tsiku limenelo chakudya chinasiya kundikomera. Ndinakumbukira mafunso aja a kukhitchini, ndinaona kuti sikunali kusirira ayi, kunali kuyeza mpanda ngati mbala. Ndinakumbukira maso aja pa manja a mwamuna wanga. Zonse zinagwirizana bwinobwino, ndipo ine ndinazitcha umboni.

Amuna anga nawo anasintha. Anayamba kuwonda, kolala ya shati kumalendewera. Foni ikalira ankadzidzimuka. Ankakhala pakhonde kuyang'ana tiyi nthawi yaitali ngati munthu amene akuwerenga masamba, ndikawayankhula n'kumayankha zina.

Lachinayi lina ndinaweruka msanga chifukwa cha mutu. M'malo modzera msewu ndinadutsa kanjira ka m'tiyi. Chiperoni chinali chitatsika, moti munthu sunkaona patali. Nditayandikira mabulugama aja ndinamva mawu, kenako ndinaona galimoto ya amuna anga itaima pambali. Iwo anali ataima, chipewa chili m'manja, mutu atazyolika. Kutsogolo kwawo kunali Lestina, ali mu yunifomu imene ndinasoka ine, akuyankhula motsitsa koma osaphethira. Bwana amene akapitawo onse amamuopa anali ataima pamaso pa kamwana ka sukulu ngati wogwidwa ndi nkhuku yakuba.

Ndinangomvako mawu ochepa. Mtsikanayo anati, "Muwauze nokha. Mukapanda kutero adziwabe, koma zidzawawa kwambiri."

Ndinati basi, mwanayu ali ndi mimba ya mwamuna wanga. Chimene ine ndalephera zaka zonsezi, kamtsikana ka kumalayini kachita m'miyezi yochepa, ndipo kakufuna nyumba yanga. Ndinabwerera chammbuyo mwakachetechete n'kukazungulira kumsewu, ndikulira ngati mwana.

Mukudziwa chimene sindinachite? Sindinamufunse Lestina. Loweruka atabwera ndinamuuza wantchito wathu wa m'nyumba kuti akamubweze pageti, anene kuti madamu atanganidwa. Lachitatu ku kalabu anakweza dzanja kangapo, ine kumayang'ana kumbali. Titaweruka anatsalira pakhomo n'kundifunsa ngati ndili ndi funso lililonse kwa iye. Ndinamuuza kuti andichokere. Amati kuona maso a nkhono n'kudekha, koma nsanje ilibe nthawi yodikira nkhono.

5

Amene simudziwa za tiyi mumve izi, chifukwa nkhani yonse yagona apa. Nthawi ya mvula tiyi amaphuka kwambiri, ndiye esiteti imalemba anthu ambirimbiri otchola. Mvula ikatha, kuzizira kukayamba, masamba amachepa ndipo ambiri mwa anthuwo amaimitsidwa. Amenewa ndi asizoni. Amabwerera kumidzi kukadikira mvula ina, ndipo amene anali m'nyumba ya kumalayini amatulukamo, poti nyumba imayendera ntchito. Amene amasankha wotsala ndi wopita ndi manijala wa minda. Mwezi umene ndinaona zija m'mabulugama unali womwewo woimitsa anthu.

Lamulungu titabwerako kutchalitchi ndinatseka chitseko cha pabalaza n'kuwafunsa a Chavula kuti pakati pa iwo ndi Lestina pali chiyani. Nkhope yawo inachita kutuwa. Analumbira kuti mwanayo sanamukhudzepo, ndipo Mulungu awalange ngati anamuganizirapo zoipa. Ndinafunsa kuti nanga m'mabulugama muja mumakambirana chiyani. Anati mwanayo amapempha thandizo la sukulu. Ndinaseka, koma sikunali kuseka kwabwino.

Ndinawauza kuti ine mawu sindidya, ndikufuna umboni. Ngati mtsikanayo si kanthu kwa inu, mayi ake ndi asizoni, aimitseni pamodzi ndi anzawo. Atuluke m'nyumba, achoke pa esiteti ino, ndisadzaonenso nkhope ya mwanayo pageti panga. Apo ayi, mawa ndikwera basi ya ku Ntcheu.

"Hazel, musandipemphe zimenezo," anatero. "Pemphani china chilichonse."

Ndinati china ndilibe.

Ndinkayembekeza kuti akana, ndipo ndinali nditakonzeka kulongedza. Koma anadzuka, n'kunena kuti chabwino, zichitika.

Lachisanu lake ndinaima pawindo la kalasi n'kuona thirakitala ikutuluka kumalayini itanyamula mphasa, ndowa, matumba ndi mbuzi imodzi yomangidwa miyendo. Pamwamba pa katunduyo panakhala mayi wina atafunda chitenje kumutu, osatembenuka. Ndinamva kukoma ngati munthu amene wachotsa munga kuphazi. Kukomako kunangokhala tsiku limodzi.

6

Loweruka masana tili patebulo, wantchito anabwera kudzanena kuti mtsikana uja ali pakhonde ndipo wakana kubwerera. Ndinatuluka nditakwiya kuti lero ndimutsuke. Amuna anga ananditsatira.

Anali atanyowa ndi chiperoni, matope mpaka m'mawondo. Anali atayenda kuchokera ku Goliati, kwa amalume ake, kumene thirakitala inakawatula. Sanagwade monga ankachitira masiku onse. Anapempha kuti ndimumvere mpaka amalize, monga ndinkawaphunzitsira ku kalabu kuti munthu asadulidwe pakamwa akupereka umboni.

Anayamba ndi amayi ake, a Esnat. Anati chibadwire chake amayiwo akhala asizoni, sanalembedwepo ntchito yokhazikika. Msana unawavuta kalekale, moti dengu lawo pasikelo limapepuka kuposa la wina aliyense. Komabe chaka chilichonse anthu amphamvu ankaimitsidwa, amayi ake n'kutsala. Asizoni anzawo ankagona anayi m'chipinda chimodzi, iwo anali ndi nyumba yakumapeto, ya zipinda ziwiri, yofanana ndi za akapitawo. Ali mwana ankayesa mwayi. Amayi ake ankati ndi chisomo cha Mulungu, ndipo akafunsa za bambo ake ankamuuza kuti anafera ku Mozambique. Koma dzina la bamboyo silinkatchulidwa, ndipo panalibe m'bale wake ngakhale mmodzi amene anabwerapo kudzaona mwana.

Kenako kunabwera madamu ophunzitsa kuti chimene ukukhulupirira uchifunse umboni. Anayamba kufunsa. Anakumbukira kuti iye ndi amayi ake anasamukapo katatu, kuchoka divishoni ina kupita ina. Atafufuza anapeza kuti kusamuka kulikonse kunkatsatira bwana mmodzi yemweyo akasinthidwa malo. Chaka chimene iye anabadwa, bwanayo anali kalaliki wapasikelo ya gulu la amayi ake. Chimene chinatsala chinali kumuona munthuyo pafupi, ndipo njira yolowera m'nyumba mwake inali imodzi yokha.

Apa anatambasula manja ake onse awiri pamaso panga. Tizala take takumapeto tinali topindikira mkati. Manja amenewo ndinali nditawaona pa mabuku miyezi yonseyi. Ena ofanana nawo ndagona nawo pabedi limodzi zaka makumi awiri.

Ndinatembenukira kwa amuna anga. Anali atatsamira chipilala cha khonde.

"Ndi mwana wanga, Hazel," anatero.

Sindinakomoke, ngakhale ndinkalakalaka nditakomoka. Zinthu ziwiri zinandilasa nthawi imodzi. Choyamba, mwamuna uyu ankadziwa zaka zonsezi kuti iye amabereka, n'kumandisiya ndikumumvera chisoni. Chachiwiri, mwamuna yemweyu anatulutsa mwana wake m'nyumba, mayeso atayandikira, kusiyana n'kuti atsegule pakamwa.

Ndinamufunsa Lestina kuti cholinga chake chija chinali chimenechi? Anati inde. Sankafuna nyumba yanga, sankafuna kanthu. Ankangofuna kuti munthuyo anene ndi pakamwa pake kuti ndi mwana wake, ndipo tsopano wanena. Ndinafunsa ngati kubwera konse kuja, kusenda mbatata kuja, kunali njira chabe.

"Poyamba inali njira, madamu. Kenako ndinakukondani, n'chifukwa chake ndinkawakakamiza kuti akuuzeni okha." Kwa nthawi yoyamba ndinaona misozi m'maso mwake. "Ndinaganizira zonse. Ndinadziwa kuti mudzandikayikira. Koma ndinkati madamu akakayika adzandifunsa, chifukwa ndi amene anatiphunzitsa kufunsa. Ndinakudikirani pakhomo la kalasi paja. Simunafunse."

Anatsika masitepe n'kulowa m'chiperoni, ndipo palibe mwa ife awiri amene anamuitana.

7

Patapita masiku ndinakwera kabaza kupita ku Goliati kukapepesa. A Esnat ndinawapeza akusenda chinangwa kuseri kwa khitchini ya achimwene awo, mmene ankagonamo tsopano. Anandiyalira chiguduli n'kunditcha adona, monga antchito amatchulira mkazi wa bwana. Sanandinyoze, ndipo kusandinyozako kunandipweteka kuposa mbama.

Anandiuza kuti anali mtsikana pamene zinachitika, ine ndili ku koleji, ukwati wathu uli wa miyezi. Atanena za mimba, kalalikiyo analira n'kuwalonjeza kuti akasunga pakamwa, ntchito ndi nyumba sizidzawathera. Iwo anasunga. Anakana amuna awiri owafunsira kuopa kuti nkhani ingatuluke. Anthu a kumalayini ankadziwa, koma kumeneko munthu saulula za bwana amene ali ndi dzina lako m'manja.

"Ine ndinamuphunzitsa mwanayu kukhala chete, ndipo tinkadya," anatero, mpeni osauimitsa. "Inu mwamuphunzitsa kufunsa. Mwina zanu ndiye zabwino, adona, ine sukulu sindinapite. Koma taonani pomwe ndikugona."

Ndinawauza kuti ndikawakakamiza abambowo awabwezere ntchito. Anapukusa mutu. Anati esiteti yonse yamva, akabwerera azikalozedwa zala mpaka imfa, ndipo msana wawo sungapikisane ndi atsikana pasikelo popanda wowateteza.

Nkhani ilibe miyendo koma inafika ku Rumphi sabata isanathe. Apongozi anga, amene pa zaka zonsezi sanabwerepo kudzationa ati ulendo ndi wautali, anatsika basi pa Luchenza ndi alamu anga awiri, atanyamula nkhuku ndi thumba la nyemba. Anapita ku Goliati kukakambirana ndi amalume a mwanayo. Anabwera naye Lestina kunyumba kwanga, akululutira kuyambira pageti, akumugwira masaya, akumupsompsona tizala tija. Ine ndinali kukhitchini kuwaphikira. Popereka madzi osamba m'manja, apongoziwo anandiyang'ana koyamba chifikireni, n'kuuza ana awo m'Chichewa chomveka bwino, kuti ndisaphonye, kuti tsopano adziwa mbali imene denga likudontha.

Amuna anga anamva. Anayang'ana m'mbale.

Alendo atapita ndinalongedza. A Chavula anagwada pakhomo la chipinda, akuti anabisa pofuna kunditeteza, akuti ngakhale zochotsa a Esnat anachita chifukwa chondikonda, nanga si ndinapempha ndine. Pamenepo sananame, ndinapemphadi ndine. Koma ndinawauza kuti mwamuna amene angathe kutaya mwana wake pamsewu pofuna kusunga bodza, ine ndimuopa kugona naye nyumba imodzi. Ahedi anandipatsa kanyumba ka aphunzitsi kamene kanali kopanda munthu, ndipo ndili momwemo mpaka lero.

8

Lestina analemba mayeso akugonera kwa mnzake kumalayini, ndipo anakhoza kuposa ana onse a pasukulu pathu. Bambo ake tsopano amamulipirira poyera. Ali ku Makwasa, akuphunzira unamwino, ndipo holide ina anakaithera ku Rumphi. Amayi ake akadali ku Goliati, amagulitsa nandolo ndi nthochi pamsewu. A Chavula ndimamva kuti abale awo akuwafunira mkazi kwawo.

Mwezi wathawu ndinakumana naye pa siteji ya minibasi ku Luchenza. Wanenepako, akuyenda mowongoka. Ndinafuna kubisala kuseri kwa ogulitsa chipisi koma anali atandiona kale. Anandigwira dzanja ndi manja awiri, mwaulemu wonse, n'kundiuza kuti kusukulu kwawo wayambitsa kagulu kophunzitsa atsikana anzake mafunso atatu aja. M'mawu mwake munalibe chipongwe ngakhale pang'ono, ndinafufuza ndithu.

"Ndimawauza za inu, madamu," anatero. "Ndimati njira yanu imagwira ntchito. Ine ndine umboni."

Ndinamwetulira, ndinamufunira zabwino, ndinakwera minibasi yolakwika n'kukazindikira titadutsa kale mphambano ya kwathu.

Abale anga owerenga, anthu amandifunsa ngati kuphunzitsa ana kuika zolinga ndi kuganiza mofatsa kumasintha moyo wawo. Kale ndinkayankha funso lisanathe. Lero ndimati kumasintha ndithu, koma musayese kuti kumasintha moyo wa mwana yekhayo. Mwana amachokera m'nyumba, ndipo nyumba zina zaima chifukwa pali funso limene aliyense anagwirizana kuti asafunse. Sindikunena kuti bodza likanapitirira. Lestina anayenera kudziwa bambo ake, ndipo atati abwerenso m'kalasi mwanga lero ndingamuphunzitse zomwezo. Chimene ndikukupemphani n'chakuti inu amene mumaphunzitsa ana, kaya kusukulu kaya kunyumba, mankhwala amene mukuwamwetsawo muyambe mwalawa nokha. Ine ndinali nawo m'manja, koma tsiku limene ndinadwala sindinamwe, ndipo amene analipira ndi mayi wa msana wopweteka amene sanandilakwire kuposa mmene analakwiridwa iye.

Kalabu ija ikadalipo. Lachitatu lililonse ana a kumalayini amadzaza kalasi, maso ali gwa pa ine, ndipo ndimawaphunzitsa. Koma ndikafika pa funso lachitatu ndimazengereza, chifukwa sindidziwa kuti mwa ana amenewa ndi uti amene akafunse madzulo ano, ndiponso kuti thirakitala ikaima pakhomo pa yani.